Za Kutuma Shell ku Nkhokwe za Git, ndi Malire a Utumiki Wake

Pa ntchito zonse zimene wolemba mapulogalamu a kompyuta amagwira, yonyozeka koposa ndi ija ya m'mamawa uliwonse, pamene iye, asanalembe kanthu, amalowa m'foda iyi natenga zimene anzake anasintha usiku, natuluka, nalowa m'foda ina nachitanso chimodzimodzi, kufikira atazungulira nkhokwe zonse zimene ntchito yake yatsamirapo. Nkhokwe imene tikunena pano ndiyo repository, malo osungiramo malemba a pulogalamu pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwake konse, kotero kuti mzere uliwonse umadziwika amene anaulemba, tsiku limene anaulembera, ndi chifukwa chimene anapereka. Mwini nkhokwe ziwiri kapena zitatu sadandaula nawo ulendo wa m'mamawawu. Koma iye wosamala nkhokwe makumi asanu, kapena mazana, posachedwa amafunsa mumtima mwake ngati ntchito yotere singatumidwe kwa makina. Ingatumidwe ndithu, ndipo mizere yochepa ya shell ikwanira. Funso lolemera, limene ambiri amalilumpha chifukwa cha changu, ndi ili: kodi ndi mbali iti ya ntchitoyi imene tiyenera kuipereka kwa mtumiki wosatha kulingalira, ndipo ndi iti imene tiyenera kuigwiritsa m'manja mwathu?

Shell ndiyo pulogalamu imene imalandira malamulo olembedwa ndi munthu ndi kuwapereka kwa makina. Inabadwa pamodzi ndi Unix ku Bell Labs, m'dziko la America, kumene Ken Thompson analemba yoyamba imene inatuluka mu 1971. Stephen Bourne analemba ina yokhwima, yokhoza kubwereza malamulo ndi kusankha pakati pa njira ziwiri, imene inafalikira ndi Version 7 Unix mu 1979. Ndipo Brian Fox anatulutsa Bash mu 1989, imene kufikira lero ndiyo ikhala pa makina ambiri a Linux. Malamulo akasonkhanitsidwa m'fayilo imodzi kuti aziyenda motsatana popanda munthu kuwalembanso, fayiloyo imatchedwa script. Ubale wa ma script ndi zosungira mbiri ya malemba ngwakale kwambiri, pakuti CVS, imene inalamulira ntchitoyi zaka zambiri Subversion isanadze, inayamba ngati mulu wa ma script a shell amene Dick Grune wa ku Amsterdam anawakulunga pamwamba pa chosungira china chakale chotchedwa RCS nawagawira anthu mu 1986. Ndiponso Git mwini, amene Linus Torvalds anamuyamba mu Epulo 2005 atalekana ndi chosungira mbiri china chotchedwa BitKeeper, nam'pereka m'manja mwa Junio Hamano chaka chomwecho, anali ndi malamulo ambiri amene poyamba anali ma script a shell. Lamulo lotchuka la git pull linakhala lotero kufikira 2015, pamene linalembedwanso m'chinenero cha C. Chotero iye amene alemba script yozungulira nkhokwe zake sakupanga chachilendo ayi, akungoponda m'mapazi a amene anam'tsogolera.

Tisanam'tume mtumikiyu, tiyenera kudziwa bwino chimene tikum'tuma. Lamulo la git clone limachitika kamodzi kokha pa nkhokwe iliyonse: limatenga mbiri yonse kuchokera ku seva, kuyambira commit yoyamba, ndiko kuti kusintha koyamba kosungidwa m'mbiri, kufikira yalero, naiika m'foda yobisika yotchedwa .git, nayala mafayilo a nthambi yaikulu poyera kuti munthu agwirepo ntchito, nalemba dzina la kumene zachokera, limene mwa chizolowezi ndi origin. Lamulo la git fetch ndilo lofatsa mwa onse: limapita ku seva, natenga ma commit amene sitinawaone, nawaika pambali, osakhudza ngakhale fayilo imodzi imene tikugwirapo ntchito. Koma git pull ndi malamulo awiri ovala chovala chimodzi, pakuti limayamba ndi fetch, kenako limaphatikiza zatsopanozo ndi zathu. Gawo loyamba silingawononge ntchito ya munthu; gawo lachiwiri ndilo lokhala ndi milandu, chifukwa ngati ife tinasintha mzere umene mnzathu anasinthanso, Git, akaloledwa kuphatikiza, amaima pakati pa njira, nasiya mafayilo ali ndi zizindikiro za mkangano, nadikira munthu woti aweruze. Munthu akakhala pamenepo, amaweruza. Koma script yoyenda pakati pa usiku ilibe woweruza, ndipo imasiya nkhokwe ili theka yakale theka yatsopano, nipitirira kwina monga ngati palibe chachitika.

Pa kusiyana kumeneku m'pamene pagona nzeru yonse ya nkhaniyi. Script yolongosoka imayamba ndi mndandanda wa nkhokwe wolembedwa m'fayilo yapayokha, mzere umodzi nkhokwe imodzi, kuti wofuna kuwonjezera kapena kuchotsa asamakhudze malamulo enieniwo. Pa mzere uliwonse imayang'ana ngati foda ya .git ilipo kale: ikasowa, imachita clone, ikapezeka, imachita fetch, ndipo ambiri amawonjezerapo --prune kuti mayina a nthambi zimene zinachotsedwa ku seva asaunjikane. Ikatero imafunsa git status --porcelain, lamulo limene limakhala chete ngati palibe chosinthidwa, koma limatchula fayilo iliyonse imene munthu anaigwira osaisunga mu commit. Likatchula kanthu, script iyenera kuchotsa dzanja lake, kulemba dzina la nkhokweyo, ndi kupita ku yotsatira. Likakhala chete, pamenepo ingayese kuphatikiza, koma ndi mawu akuti --ff-only, amene amauza Git kuti asunthire nthambi kutsogolo pokhapokha ngati mbiri yathu ili kumbuyo kwa ya ku seva m'njira imodzi yowongoka, ndi kuti akane ngati njira zapatukana. Script yotere ingayendetsedwe kamodzi kapena kakhumi pa tsiku, zotsatira zake n'kukhala zomwezo. Ndipo chimenechi ndicho chizindikiro choyamba cha script yodalirika.

Koma mtima wa munthu sukonda mtumiki wobwerera ndi mawu akuti sindinathe. Ambiri, atatopa ndi kukana kwa --ff-only, amaikamo git reset --hard, mwina ndi git clean pamwamba pake, kuti nkhokwe ifanane ndi ya ku seva zivute zitani. Ndipo zoonadi kuyambira tsiku limenelo script sidandaulanso. Mtendere umenewu ngwogula ndi mtengo waukulu, pakuti reset --hard imafafaniza kusintha konse kumene kunali kusanalowe mu commit, ndipo clean imachotsa mafayilo amene Git sanauzidwe kuti awasunge. Tsono chimene sichinalowe m'mbiri, mbiri singachibweze, monga akulu ananena kuti madzi akatayika saoleka. Malamulo awiriwa ali ndi malo awo oyenera, ndiwo makina amene palibe munthu amalembapo, monga seva yongomanga pulogalamu kapena yongoonetsa tsamba. Pa kompyuta ya munthu wolemba, kuwapereka kwa script yoyenda yokha ndiko kupereka ulamuliro woweruza kwa amene sadziwa kusiyanitsa ntchito ya sabata yathunthu ndi zinyalala.

Palinso misampha ya shell mwini, imene siichokera kwa Git konse. Lamulo la cd, losamukira m'foda ina, likalephera chifukwa fodayo kulibe, shell imangodandaula pang'ono nipitiriza malamulo otsatira pamalo pomwe inali, ndipo chimene chinayenera kuchitika m'nkhokwe ina chimachitika m'nkhokwe yosalakwa. N'chifukwa chake ochenjera amalemba git -C ndi dzina la foda, kuti asasamuke konse. Dzina la foda lokhala ndi mpata pakati limang'ambika kukhala mayina awiri ngati silinatsekeredwe m'zizindikiro zogwira mawu. Choopsa kuposa zonse ndi dzina loimira foda limene latsala lopanda kanthu. Mu Januwale 2015 dziko linaona chitsanzo chake m'pulogalamu ya masewera ya Steam ya pa Linux, mmene munali mzere wa rm -rf wolunjika pa zonse za m'foda yotchedwa STEAMROOT; pamene dzinalo linatsala lopanda kanthu pa makina a munthu wina amene anasuntha foda yake, lamulolo linayamba kufafaniza kuchokera pa muzu wa makina onse, nilichotsa fayilo iliyonse imene mwiniyo anali ndi chilolezo choichotsa. Mawu akuti set -u amaimitsa script ikakumana ndi dzina losatchulidwapo kale, koma saona dzina lotchulidwa lopanda kanthu. Pa ichi pafunika kuliyesa mwachindunji lisanagwiritsidwe ntchito. Chida cha ShellCheck, chimene Vidar Holen analemba, chimawerenga script ndi kuloza zolakwa zambiri za mtundu uwu, ndipo popeza safunsa anadya phula, n'kupanda nzeru kuyendetsa script yofafaniza kanthu isanadutse pamaso pake.

Script ikakhwima, mwini wake amafuna kuti iziyenda yokha pa nthawi yoikika, ndipo apa m'pamene cron amalowa, amene wakhala ndi Unix kuyambira zaka za m'ma 1970, ndipo Paul Vixie anam'lembanso mu 1987. Mzere wa cron umayamba ndi magawo asanu a nthawi, ndiwo mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata, kenako lamulo loti lichitike. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti script imene inayenda bwino pamaso pawo imakanika pansi pa cron, ndipo chifukwa chake n'chakuti cron amaiyendetsa m'malo ouma: mndandanda wa mafoda ofunafunamo mapulogalamu ngwaufupi, makiyi a SSH, olowera ku seva motetezeka, amene munthu anatsekula polowa sapezeka, ndipo palibe woyankha funso. Git akafunsa dzina ndi mawu achinsinsi, palibe amamva; motero kuyenera kuika GIT_TERMINAL_PROMPT=0, ndi kuuza SSH kuti BatchMode=yes, kuti m'malo mofunsa alephere msanga ndi kunena kuti alephera. Ndiponso ngati intaneti ili yochedwa, ulendo wa ola lino ungapezane ndi wa ola lapita usanathe, awiriwo n'kulimbirana nkhokwe imodzi; chida cha flock chimaletsa wachiwiri kuyamba woyamba asanatsirize. Magetsi akathima pakati pa ntchito, Git amasiya fayilo yotsekera monga index.lock, imene imakaniza malamulo otsatira. Script yoichotsa mosayang'ana ngati Git wina akugwirabe ntchito imachiza nthenda yaing'ono poitana yaikulu.

Tsono mtumiki wotumidwa kutali ayenera kubwerera ndi mawu omveka, kuopa kuti zingachitike za kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Lamulo lililonse la Unix likatha limasiya nambala: 0 ngati zayenda bwino, ina iliyonse ngati zavuta. Olemba ena amaika set -e pamwamba kuti script ife pa cholakwa choyamba, ndipo pa ntchito zambiri ichi n'chabwino. Koma pa mndandanda wa nkhokwe zana sikoyenera kuti imodzi yosowa ilepheretse makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi zotsalazo. Njira yabwino ndiyo kuyesa nambala ya nkhokwe iliyonse payokha, kusonkhanitsa mayina a zolephera, ndi kuwatchula onse pamapeto pamodzi ndi chifukwa chake; pakuti chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Lipoti la mizere zikwi, lonena zonse zimene zinayenda bwino, palibe amaliwerenga, ndipo cholakwa chimabisala m'kati mwake miyezi yambiri. Lipoti la mizere itatu, lofika pokhapo pamene pali vuto, ndilo limene munthu amalimvera.

Mtumiki wolowa m'nkhokwe zotsekedwa afunikira kiyi, ndipo apa pali yesero lina. N'kwapafupi kulemba mawu achinsinsi kapena token m'kati mwa adilesi ya nkhokwe, koma adilesiyo imasungidwa poyera m'fayilo ya .git/config, ndipo script yomwe, ikalowa m'nkhokwe ina tsiku lina, imanyamula chinsinsicho kupita nacho kwa aliyense wowerenga mbiri. Choyenera ndicho kupatsa script kiyi ya SSH yakeyake, yololedwa kuwerenga kokha, kuti ngakhale itabedwa, wakubayo asathe kulemba kanthu. Tiyeneranso kukumbukira kuti nthaka imene script yaimapo imasuntha. Mu Okutobala 2020 GitHub, yosungira nkhokwe za anthu ambiri pa intaneti, inayamba kutcha nthambi yaikulu ya nkhokwe zatsopano main m'malo mwa master, ndipo ma script amene anakhomerera dzina lakale anayamba kusowa chimene ankafuna, pamene akanatha kufunsa seva dzina la nthambi yake. Pa 13 Ogasiti 2021 GitHub inaleka kulandira mawu achinsinsi wamba pa malamulo a Git. Mu Malichi 2023 inasintha kiyi yake ya RSA yodzizindikiritsira pa SSH, yakaleyo itaonekera poyera kanthawi kochepa, ndipo ma script ambiri padziko anaima ndi chenjezo lakuti seva yasintha nkhope. Kuima kumeneko kunali koyenera, pakuti chenjezo lomwelo ndilo limene likanaoneka wonyenga atadziika pakati. Ndipo amene anazimitsa chenjezolo kuti ntchito ipitirire anagwetsa mpanda chifukwa chotopa ndi kutsekula chipata.

Mbali imene yasocheretsa ngakhale akatswiri ndi chikhulupiriro chakuti nkhokwe yokopedwa usiku uliwonse ndiyo chitetezo chokwanira pa tsiku la tsoka. Lamulo la git clone --mirror limapanga chifaniziro chathunthu cha nkhokwe ya ku seva, ndipo chikamatsitsimutsidwa chimatsata seva m'zonse, m'zabwino ndi m'zoipa zomwe: nthambi ikachotsedwa kumeneko imachotsedwanso kuno, mbiri ikalembedwanso mokakamiza kumeneko imalembedwanso kuno. Gulu la KDE, lopanga mapulogalamu aulere a pa Linux, linaphunzira ichi mu Malichi 2013, pamene mafayilo a pa seva yawo yaikulu ya Git anawonongeka, ndipo maseva ena amene ankakopera kwa iyo mwa iwo okha anatengera chiwonongekocho mokhulupirika, kotero kuti nkhokwe pafupifupi 1,500 zinatsala pang'ono kutayika. Anapulumuka chifukwa seva imodzi, mwa mwayi chabe, inalephera kukopera pa nthawi imeneyo, nitsala ndi zakale zosawonongeka. Taonani chodabwitsa: mwa atumiki onse, amene anapulumutsa nyumba ndi uja amene sanafike. Phunziro lake n'lakuti chifaniziro chimateteza ku kusowa kwa seva, koma sichiteteza ku kulakwa kwa seva. Chitetezo chenicheni chimasunga za dzulo, za sabata yatha ndi za mwezi watha padera, pamene script yatsopano singazifikire, ndipo chimayesa ndi git fsck ngati zolandiridwazo zili zamoyo zisanalowe m'malo mwa zakale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali ulemu umene wotuma ayenera kuchitira eni seva, pakuti script siitopa, koma seva imalemedwa. Mawu akuti --depth 1 amatenga commit yomaliza yokha, nasiya mbiri yakale, ndipo ngabwino pa makina amene amakopera, kumanga, ndi kutaya. Koma nkhokwe yosazama yotere ikamatsitsimutsidwa kawirikawiri, seva imagwira ntchito yaikulu kuwerengera chimene chikusowa. Mu 2016 GitHub inachepetsa liwiro la nkhokwe ya CocoaPods, chida cha olemba mapulogalamu a Apple, chifukwa makompyuta ochuluka ankaikopera mwa njira imeneyi. Osamala kernel.org, kumene kumakhala nkhokwe za Linux, amagwiritsa ntchito grokmirror, imene Konstantin Ryabitsev analemba: seva imafalitsa fayilo imodzi yotchula nkhokwe zimene zasintha, ndipo okopera amawerenga imeneyo poyamba m'malo mogogoda pa khomo lililonse. Nzeru yomweyi ndi yopindulitsa kuno kwathu, kumene intaneti ili yodula ndipo magetsi sakhalitsa: ofesi kapena sukulu ingakhale ndi kompyuta imodzi yokopera usiku, anthu onse n'kumatenga kwa iyo masana, ndipo kumene intaneti sifika konse, git bundle imalongedza ma commit m'fayilo imodzi yonyamulika pa fulashi, imene Git wa tsidya lina amaiwerenga monga ngati ndi seva.

Ifika nthawi imene script ya shell iyenera kuvomera kuti yakula kuposa msinkhu wake. Android, imene malemba ake agawidwa m'nkhokwe mazana ambiri, imayendetsedwa ndi chida cha Google chotchedwa repo, chimene chimawerenga fayilo yotchula nkhokwe iliyonse, malo ake ndi nthambi yake. Joey Hess analemba myrepos, imene imazungulira nkhokwe za Git, Subversion, Mercurial ndi zina ndi lamulo limodzi. Ndipo Git mwini, chakumapeto kwa 2020, analandira lamulo la git maintenance, limene likayambitsidwa limatenga zatsopano ola lililonse. Tiyenera kuona bwino mmene olemba Git anaikira malire a lamuloli: zimene latenga limaziika pamalo apadera otchedwa refs/prefetch, osasuntha nthambi za munthu, osasuntha ngakhale zija zoonetsa pamene origin yafika, kotero kuti mwini akadzachita fetch ndi dzanja lake, katundu wolemera amakhala atafika kale, koma chosankha chonse chikadali chake. Anthu odziwa Git koposa onse, atapatsidwa mpata wom'yendetsa yekha, anam'tuma kunyamula kokha.

Muyeso umenewu ndiwo woyenera kutsatidwa ndi aliyense wolemba script yake. Kutenga zatsopano kutumidwe, pakuti n'kotopetsa ndipo sikuwononga. Kuphatikiza kuloledwe pokhapo pamene njira ili imodzi. Kufafaniza, kukhulupirira seva yasintha nkhope, ndi kuyendetsa pa makina a anthu malemba amene palibe wawawerenga, zimenezi zidikire munthu. Ndipo popeza ma script amakhala nthawi yaitali kuposa ntchito za amene anawalemba, wolembayo aike pamwamba pa fayilo mizere yochepa yonena chimene script ichita, chimene siidzachita konse, kiyi imene igwiritsa ntchito, ndi munthu amene lipoti lake limam'fikira. Aiikenso script yomweyo m'nkhokwe, kuti kusintha kwake kukhale ndi mbiri monga malemba ena onse. Pakuti pa tsiku limene kanthu kadzawonongeka pakati pa usiku, bwalo silidzaitana cron kapena Bash kuti ayankhe; lidzafunsa amene analemba mzerewo, ndi amene anaulola kuyenda wopanda mboni.